Mafunso Anu pa Nyimbo za Mpingo: Ng'oma, Solfa ndi Kwaya Yotsika Mawu

Makalata a mwezi uno atsamira mbali imodzi, ya nyimbo za m'tchalitchi. Ena akufunsa za mbiri, ena za mavuto a pokonzekera kwaya. Tawayankha pamodzi chifukwa zambiri zimene zikukanganitsa makwaya lero zidakanganitsapo Akhristu kalekale. Oyankha ndi aphunzitsi a mbiri ya mpingo ndi a maimbidwe amene amathandiza tsamba lino. Mafunso ena tawafupikitsa.

Akonzi, mu mpingo mwathu mwabuka mkangano. Akuluakulu akuti ng'oma ndi magitala nzachikunja, ndipo Akhristu oyamba sankaimbira zimenezi. Achinyamatafe tikuwawerengera Salimo 150. Akulondola ndani?
*Mlembi wa kwaya ya achinyamata*

Achimwene, musafulumire kuwatsutsa akuluakuluwo, pakuti pa mbiri akunena zoona. Chipangano Chatsopano chimanena kambiri za kuimba. Yesu ndi ophunzira ake adaimba asanapite ku Phiri la Azitona (Marko 14:26), Paulo ndi Sila adaimba m'ndende pakati pa usiku (Machitidwe 16:25), ndipo Aefeso 5:19 ndi Akolose 3:16 amatchula masalimo ndi nyimbo zauzimu. Koma palibe pamene chida choimbira chikutchulidwa pa msonkhano wa mpingo. Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa Chiroma ku Bithynia, adalembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana kusanache pa tsiku loikika ndi kuimba molandizana nyimbo kwa Khristu monga kwa mulungu. Za chida sadanenepo. Aphunzitsi ambiri a mpingo a m'zaka za m'ma 300 ankadana nazo zitoliro ndi azeze pa chifukwa chimene ankachiona ndi maso: zinkamveka ku maphwando a uchidakwa, ku zisudzo ndi pa nsembe za mafano. Mpaka lero mpingo wa Orthodox wa ku Russia umaimba ndi pakamwa pokha.

Tsono muwafunse mwaulemu za limba, limene ambiri amaliona ngati chida chopatulika. Limba la mapaipi adalipanga Ctesibius wa ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo Aroma ankaliimba m'mabwalo a masewera momwe anthu ankamenyana mpaka kuphana. Lidalowa m'matchalitchi a ku Ulaya pang'onopang'ono, cha m'ma 900. Pa nthawi yokonzanso mpingo, atsogoleri atatu adapatukana pa nkhani yomweyi. Zwingli, ngakhale kuti mwini wake ankatha kuimba zida zingapo, adatontholetsa nyimbo m'matchalitchi a ku Zurich, ndipo mu 1527 limba la tchalitchi chachikulu cha mzindawo lidaphwasulidwa. Calvin ku Geneva adalola Masalimo, oimbidwa ndi mpingo wonse m'liwu limodzi popanda chida; buku la Masalimo onse 150 lidamalizidwa mu 1562. Luther adasunga kwaya ndi limba, napekanso nyimbo zatsopano. Apresibeteriya a ku Scotland adayamba kulola limba m'zaka za m'ma 1860, patakhala mkangano wosachepa.

Ng'oma nayonso si mlendo m'Chikhristu. Mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, umene udakhazikika m'zaka za m'ma 300, umaimba ndi ng'oma ya kebero, chisekese chachitsulo ndi ndodo zotsamira popemphera, m'maimbidwe amene amati adawayala ndi Yared wa ku Aksum m'zaka za m'ma 500. Mu 1963, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udanena m'chikalata chake cha chipembedzo kuti nyimbo za mitundu ya anthu zipatsidwe ulemu ndi malo oyenera.

Ife tikuona kuti chida pachokha sichiyera ndipo sichidetsedwa. Pali mafunso awiri oyenera kufunsa. Loyamba ndi la akuluakuluwo: kaimbidwe aka kakuwakumbutsa chiyani anthu a mpingo uno? Ngati kamenyedwe kena ka ng'oma kakumubwezera munthu ku zimene adazisiya potembenuka mtima, Aroma 14 akukuuzani chochita. Sinthani kamenyedweko, ng'omayo ikhale. Funso lachiwiri nlakuti kodi chidacho chikunyamula mawu kapena chikuwamiza, ndipo ili mungathe kuliyesa Lamlungu likudzali. Mutumize munthu wosaidziwa nyimboyo akakhale pa benchi yomaliza ndi pepala, alembe mawu amene akumva. Akaphonya mzere umodzi mwa mizere inayi, ndiye kuti zida zakwera. Woimba ng'oma azimenya ndi zala pa ndime, manja onse awasungire kolasi.

Abusa athu alamula kuti nyimbo iliyonse yatsopano ipite kaye kwa iwo tisanaiimbe. Ine ndimapeka nyimbo, ndipo ndikuona ngati akupondereza mphatso. Kodi zimenezi nzoyenera?
*Mayi wa m'kwaya ya amayi*

Mayi, kupereka nyimbo imene mwaibala ndi misozi kuti wina aiyike cholembera chofiira nkowawa ndithu. Komabe abusawo akuchita ntchito yakale kwambiri. Arius, wansembe wa ku Alexandria amene ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa ndipo padali nthawi imene kudalibe Iye, adaika chiphunzitso chake m'nyimbo zoti amalinyero, opera tirigu ndi apaulendo aziimba. Msonkhano wa ku Nicaea udachikana chiphunzitsocho mu 325, koma kuletsa nyimbo imene yalowa kale m'kamwa mwa anthu nkovuta kuposa kulemba chigamulo. Ku Edessa, Ephrem, amene adamwalira mu 373, adapeza anthu akuimba nyimbo za otsatira Bardaisan, mphunzitsi amene mpingo udakana chiphunzitso chake. Adapeka zake za chiphunzitso choona naziphunzitsa makwaya a amayi. Ku Milan mu 386, pamene boma linkafuna kulanda tchalitchi kuti lipatse otsatira Arius, Ambrose adakhala m'katimo ndi mpingo wake usana ndi usiku, akuwalimbitsa mtima ndi nyimbo. Onsewa adazindikira kuti ulaliki umayamba kufufutika pofika Lachitatu, pamene nyimbo imamuperekeza munthu mpaka pa mphasa ya imfa.

Mbali inayo iliponso, ndipo abusa ayenera kuimva. Msonkhano wa ku Laodicea, m'zaka zomwezo za m'ma 300, udaletsa masalimo opekedwa ndi anthu wamba ndipo udati m'tchalitchi aziimba okhawo oikidwa pa udindowo. M'kupita kwa zaka, ku Ulaya nyimbo za Misa zidakhala za akatswiri, m'Chilatini, anthu akungomvetsera. Mabuku oyamba a nyimbo a Luther a mu 1524 adali kubwezera nyimbo kwa eni ake. Isaac Watts atatulutsa nyimbo zake mu 1707, ena adamudzudzula kuti akuika mawu a munthu pamalo pa Masalimo, chonsecho lero nyimbo zakezo ndizo tikuzitcha zamakolo. Choncho ntchito ya abusa ndi kuyesa chiphunzitso. Kutseka chitsime si ntchito yawo.

Musanapite kwa iwo, iyeseni nokha. Lembani mawu okha popanda chuni ndi kuwawerenga mokweza ngati kalata; chuni chokoma chimabisa mawu opanda kanthu. Pambali pa mzere uliwonse lembani vesi limene ukuchokerako. Mzere wosowa vesi si wolakwika nthawi zonse, koma ndi umene muyenera kuuyang'anitsitsa. Onani amene mukulankhula naye: nyimbo zambiri zimayamba ndi "Inu Ambuye", pakati nkusanduka "Iye", kumapeto nkubwereranso, mpingo osadziwa ngati ukupemphera kapena ukulalikirana. Cholakwika china chofala ndi kuthokoza Atate chifukwa chotifera pa mtanda. Amene adafa ndi Mwana. Chenjeraninso ndi malonjezo amene Baibulo silidapereke, monga akuti wokhulupirira sadzadwala kapena kusauka, pakuti tsiku lina nyimboyo idzaimbidwa pamaso pa namfedwa. Mukatero, pemphani abusa kuti azibweza nyimbo pasanathe sabata ziwiri, ndipo akakana mzere azinena chifukwa chake.

Aphunzitsi, ndasankhidwa kutsogolera kwaya koma solfa ndimangoiona pa pepala. Idachokera kuti, nanga ndiyambire pati?
*Wotsogolera kwaya watsopano*

Idayamba ndi vuto longa lanu lomweli. Cha m'ma 1025, Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy, adaona kuti oimba ankatha zaka pafupifupi 10 akuloweza nyimbo za mpingo pamtima. Adatenga nyimbo ina yolemekeza Yohane Mbatizi, imene mizere yake inkayamba pa liwu lokwererapo sitepe imodzi, natenga phatikizo loyamba la mzere uliwonse: ut, re, mi, fa, sol, la. Pambuyo pake ut adasanduka do ndipo liwu lachisanu ndi chiwiri lidawonjezedwa. Solfa ya zilembo imene ili m'mabuku a nyimbo idachokera kwa Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo m'busa John Curwen adaikonzanso ndi kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Amishoni adaikonda chifukwa inkasindikizika ndi zilembo wamba, osafuna makina apadera.

Zilembo zake ndi d r m f s l t. Chinthu choyamba kugwira nchakuti d alibe malo amodzi. Pamwamba pa nyimbo pamalembedwa kiyi, mwachitsanzo G, kutanthauza kuti d wa nyimboyo ndi G wa pa kiyibodi. Atsogoleri ambiri atsopano amapereka C nthawi zonse, kenaka nkumadabwa kuti besi yamira kapena soprano ikukuwa. Ka 1 kakang'ono m'munsi mwa chilembo kakutanthauza liwu lakunsi, m'mwamba lakumwamba. Masitepe onse ndi athunthu kupatula awiri, m kupita f ndi t kupita d wapamwamba, amene ndi atheka. Mukaona fe, ndi f wokwezedwa theka. Ta ndi t wotsitsidwa theka. Nyimbo zomveka zachisoni kawirikawiri zimakhazikika pa l.

Nthawi imaonetsedwa ndi zizindikiro. Mzere woimirira ukuyamba chigawo ndipo kugunda kotsatira nkwamphamvu. Madontho awiri akulekanitsa kugunda ndi kugunda, dontho limodzi likugawa kugunda pakati, mpumiro ukugawanso thekalo. Kamzere kogona kakuti pitirizani liwu lomwelo, ndipo malo opanda kanthu ndi kukhala chete. Choncho | d : m . f | s : — | akuimbidwa motere: d kugunda kumodzi, m ndi f kugawana kugunda kwachiwiri, s kugwira kugunda kuwiri.

Pophunzitsa musayambe ndi mawu a nyimbo. Kwaya iwombe kaye m'manja nthawi yokha. Kenaka inene maina a solfa m'nthawi yomweyo osaimba, kenaka iwaimbe, kenaka iimbe ndi "la", mawu enieni abwere pomaliza. Lembani makwerero a d mpaka d wapamwamba pa bolodi, kuchokera pansi kukwera, ndipo mphindi 10 zoyambirira za kukonzekera kulikonse muziloza ndi ndodo modumphadumpha iwo akuimba. Yambani ndi d, m, s okha mpaka akhazikike m'makutu.

Tikaimba popanda kiyibodi timayamba bwino, koma pofika ndime yachitatu tatsika moti abambo a besi sakuthanso. Chimachititsa nchiyani?
*Woimba tenor*

Bambo, kwaya siitsika kamodzi. Imatsika pang'onopang'ono pa malo odziwika, ndipo mukawapeza mwathana nalo vutolo. Perekani kiyi pa kiyibodi, imbani ndime imodzi popanda chida, ndiye muyerekeze liwu lomaliza ndi kiyibodi. Mukapeza kuti mwatsika, bwerezani mzere ndi mzere, kenaka gulu ndi gulu, mpaka mupeze pamene pakudontha.

Malo oyamba kuwakayikira ndi potsika makwerero. Anthu amaponda masitepe aakulu potsika ndi aang'ono pokwera, ndiye ulendo uliwonse amataya kachidutswa. Kuchoka pa d wapamwamba kupita t, ndi pa f kupita m, ndi theka chabe la sitepe, koma ambiri amatsika mopitirira. Auzeni kuti t akhale chogundira d. Achiwiri ndi liwu lobwerezedwa kangapo kapena logwiridwa nthawi yaitali: mpweya ukamatha, liwu limafota. Lembani pa pepala malo opumira, ndipo pa liwu lalitali oimba a gulu limodzi azipuma mosinthana. Achitatu ndi zilembo za liwu. Pa "a" ndi "o" lilime limabwerera kukhosi ndipo liwu limalemera, pamene "i" amalisunga kutsogolo. Mzere wovuta uimbeni kaye ndi "ni" musanabwezere mawu ake.

Zinanso nzapafupi. Oimba akhale choimirira, mapepala ali m'mwamba kuti chibwano chisagwere pachifuwa. Nyimbo yokokedwa kwambiri imatsika msanga. A besi aime pamene magulu onse akuwamva, pakati kumbuyo, chifukwa ena onse amamanga pa iwo. Onaninso ngati aliyense ali m'gulu lake: mwamuna amene amavutika kufika pa F wa pamwamba pa C wapakati (C wa pakati pa kiyibodi) si tenor, ngakhale atakonda bwanji, ndipo adzakokera gulu lonse pansi. Pomaliza yesani kukweza kiyi ndi theka la sitepe. Nyimbo imene imatsika mu F kawirikawiri imaima bwino mu F sharp, popeza mawu achoka pamalo pamene adazolowera kutsetsereka.

Ndikumasulira nyimbo zakale za Chingerezi, koma zikaimbidwa zikumveka zopunduka. Ndikulakwitsa pati? Nanga ndingazijambule popanda chilolezo?
*Mkulu wa mpingo*

Akulu, yambani ndi kuwerenga maphatikizo. Kumbuyo kwa mabuku ambiri a nyimbo kuli manambala monga 8.6.8.6, 8.8.8.8 kapena 8.7.8.7. Amenewa ndi maphatikizo a mzere uliwonse. Olemba akale ankalemba mawu okha m'miyeso imeneyi, ndipo mpingo unkasankha chuni chilichonse cha muyeso womwewo. Nyimbo yotchuka ya John Newton ya chisomo, "Amazing Grace", idasindikizidwa mu 1779 popanda chuni, ndipo chuni chimene dziko lonse likuchidziwa adachilumikiza ndi William Walker ku America mu 1835, Newton atamwalira kale mu 1807. Tikunena izi kuti mumasuke: mawu ndi chuni sadabadwire limodzi, ndipo kusintha chuni si tchimo.

Vuto loyamba ndi malo. Mzere wa maphatikizo 8 umanyamula mawu a Chingerezi asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, koma "chisomo cha Mulungu" chokha chadya kale 7. Simungasenze zonse. Sankhani ganizo limodzi pa mzere, ndipo ngati ndimeyo ndi yolemera igaweni ikhale ziwiri. Kudula mawu ndi timipumiro kuti akwane ndiko kumabala nyimbo zimene anthu amaimba zaka 40 osazimva.

Lachiwiri ndi kutsamira. Chichewa chimatsamira pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza: chiSOmo, MuLUngu, mpuLUmutsi ayi koma mpuluMUtsi. Machuni ambiri a Chingerezi amatsiriza mzere ndi liwu lamphamvu ndi lalitali pa phatikizo lomaliza, ndiye mpingo umakoka "ngu" wa Mulungu, "lu" atangodutsa mothamanga. Konzani popatsa phatikizo lotsamiridwalo liwu lalitali, ndi kuwonjezera liwu lalifupi la phatikizo lomaliza. Musaiwalenso "m" woima payekha. Mtima, mtanda ndi m'bale ali ndi maphatikizo atatu. Mukapatsa m'bale malo awiri okha, mpingo uimba za mbale yodyeramo. Chichewa chilinso ndi kukwera ndi kutsika kwake kwa mawu, ndipo chuni chikamakwera pamene chilankhulo chikutsika, khutu limamva chachilendo ngakhale mawu ali olondola.

Njira imene ife timaikonda ndi kutembenuza ntchito yonse. Lembani mawu abwino a Chichewa, muwanene mokweza ngati mukulankhula ndi khamu, mudzijambule pa foni, ndipo mumvetsere pamene mawu akukwera, kutsika ndi kutalika. Chuni chichokere pamenepo. Ndi mmene Ntsikana, mmodzi mwa Akhristu oyamba pakati pa Axhosa, amene adamwalira mu 1821, adaimbira Mulungu m'maimbidwe a anthu a kwawo, ndipo nyimbo yake yaikulu ikuimbidwabe.

Za chilolezo: pangano la maiko la Berne, lokhudza umwini wa zolemba, limateteza ntchito ya wolemba moyo wake wonse ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo maiko ambiri adafikitsa pa 70. Nyimbo za Watts, Charles Wesley ndi Newton nzomasuka. Koma kumasulira kwa wina kapena kakonzedwe katsopano ka mawu anayi kali ndi mwini wake payekha, choncho onani dzina ndi chaka pansi pa tsamba musanalowe mu studio.

Kwaya yathu ikuimba bwino kuposa kale, tili ndi masipika atsopano, koma mpingo wangoti zii, ukungoonerera. Titani?
*Mayi dikoni*

Mayi, funso lanu ndilo lolemera kuposa onse a mwezi uno, chifukwa kwaya ilipo kuti mpingo uimbe. Malangizo a kaimbidwe amene John Wesley adalemba mu 1761 adali opita kwa anthu a m'mabenchi: onse aimbe, aimbe ndi mtima wonse, wina asakuwe kuposa anzake, asunge nthawi.

Yambani ndi kiyi. Munthu wamba amaimba momasuka kuyambira pa C wapakati kufika pa D wa pamwamba pa C wotsatira. Nyimbo zojambulidwa zimaikidwa pa kiyi yokomera katswiri amene akuimbayo, ndipo mukaitengera momwemo abambo amasiya pa kolasi. Pezani liwu lokwera kwambiri m'nyimboyo, mutsitse kiyi mpaka liwulo lifike pa D.

Kenaka phokoso. Munthu akapanda kudzimva yekha ndi mnzake wa pambali, amatseka pakamwa. Komanso phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) limayamba kuwononga makutu likapitirira maola 8, ndipo nthawiyo imadulidwa pakati pa madesibelo atatu aliwonse owonjezera. Pa 100 yatsala mphindi 15 zokha, ndipo ana okhala pafupi ndi masipika ndiwo oyamba kuvulala. Tsitsani mpaka woima pakati pa tchalitchi azimva mpingo kuposa masipika. Masipika akhale kutsogolo kwa maikolofoni, atayang'ana kwa anthu, kuti asalire.

M'tchalitchi chachitali muli vuto lina. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho okhala mamita 34 kuchokera kutsogolo amamva mochedwa ndi gawo limodzi la magawo 10 a sekondi, ndipo mawu awo amachedwanso chimodzimodzi pobwerera. Woimba kiyibodi akamawadikira, nyimbo imanka ikokeka mpaka kufa. Asunge nthawi yake, ndipo wotsogolera aime poonekera kuti anthu atsate dzanja.

Nyimbo yatsopano ikhale imodzi pa mwezi. Iphunzitseni mphindi 5 mapemphero asanayambe, mzere ndi mzere, wotsogolera akuimba mpingo ukubwereza. Iimbeni masabata atatu otsatizana, ipume lachinayi, ibwerenso lachisanu. Wotsogolera asakometsere chuni ndi timapindiro mpaka anthu atachigwira. Ndipo pa nyimbo iliyonse imene mpingo ukuidziwa bwino, sankhani ndime imodzi yoti zida zonse zileke, oimba a kutsogolo achotse maikolofoni pakamwa, mpingo uimbe wokha. Sabata yoyamba mawu adzakhala ochepa ndi amantha. Musabwezere zida pakati pa ndime, ndipo mubwereze sabata yotsatira pa nyimbo yomweyo.